Moto Wozondoka kwa a Mwaye

Nkhaniyi ndinaimva kwa wometa, lumo lili pakhosi panga, ndiye sindikanatha kutsutsa. Akuti akazi awo a Mwaye, omanga machumuni aja, akumapita ku shopu ya a Magalasi, owotcherera mbaula zachitsulo kumunsi kwa msika. Akuti Lachitatu lililonse masana. Akuti akangolowa chitseko chimatsekedwa, mawindo omwe, ndipo potuluka amatuluka thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira chonchi.

"Bodza limenelo," ndinatero lumo litachoka. Koma pobwerera pakhonde langa, pamene ndimasokera nsapato moyang'anana ndi nyumba ya a Mwaye, ndinapeza kuti theka la mtima wanga lavomera kale. Ndi theka lomwe lija lakhala likufunsa kuyambira tili anyamata kuti munthu wa zikhadabo zakuda ngati ameneyu anamupeza bwanji mkazi woseka bwino chotere, pamene ine wosamba ndi sopo ndinapeza wondiwerengera masupuni a shuga.

A Mwaye ndi mnzanga wakalekale, ndiye akazi awo ndimawatcha alamu. Dzina lakuti Mwaye si la makolo, analitola padenga. Sukulu tinaithawa limodzi, ine n'kupita ku nsapato, iwo n'kupita kukaponyera njerwa amisiri amene ankamanga nyumba za mabwana kumtunda, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mano. Anzawo onse ankafuna kuphunzira makoma, chifukwa khoma limaoneka. Iwo anakopeka ndi bowo. Panali mmisiri wina wokalamba, wogontha khutu limodzi, amene ankamanga malo owothera moto m'zipinda zochezera, ndipo a Mwaye anamukakamira ngati nkhupakupa mpaka anamuyamwa nzeru zonse.

Kuyambira pamenepo salankhula za chumuni ngati chinthu wamba. Chili ndi pakamwa, pamene pamayaka moto. Chili ndi khosi, pamene utsi umapanikizika usanakwere. Akuti pakamwa pakakula kuposa zimene khosi lingameze, utsi umabwerera m'nyumba, ngati munthu wadyera amene wabwira zambiri. Pamene pafike malawi salola simenti, akuti imang'aluka ikapsa. Amaponda okha dothi ndi mchenga, buluku atapinda, miyendo ili ngati ya dokowe. Akamaliza kumanga amakuletsa kuyatsa mpaka dothi liume, ndipo likauma umayamba ndi kamoto ka tinkhuni, mawa kokulirapo pang'ono, ngati wodwala amene akuyambiranso kudya. Bambo wina wachangu anasonkha chimoto tsiku loyamba kuti alendo aone. Khoma linang'aluka kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo a Mwaye anapita kukaona mng'aluwo atavula chipewa.

Koma nthenda yawo yeniyeni ndi nsanje. Chumuni akakumangira sichikhala chako. Nyumba ndi yako, inde, mipando ndi yako, ana ndi ako, koma chumuni chimakhalabe chawo, iwe wangobwereka. Dzuwa likapendeka m'miyezi yozizira amayenda mumsewu mwathu manja kumbuyo, nkhope kumwamba, akuwerenga utsi. Ukakhala woyera ndi wolemera, wogwera padenga, amagogoda.

"Mukuwotcha chiyani m'chumuni changa?"

"Nkhuni, bambo."

"Nkhuni zimenezo dzana zinali ndi masamba. Taonani zikulira madzi kumapetoko. Mukufuna phula limatirire kukhosi, tsiku lina chumuni chiyake chokha, muzidzati a Mwaye anamanga zoipa?"

Chisanu chisanayambe amazungulira nyumba zonse ndi makwerero, chingwe, unyolo ndi chiburashi cha mawaya, kutsitsa ndi kukweza mpaka mwaye wonse ndi zisa za mbalame zigwere pansi. Amatsika maso okha ali mbee. Kalaliki wina anaitana munthu wachilendo kuti amusesere chifukwa a Mwaye anachedwa. Anatha chisanu chonse osapatsidwa moni. Mayi wina anapaka njerwa za pakamwa penti wobiriwira kuti zifanane ndi makatani, ndipo mpaka lero a Mwaye akamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali, ngati munthu wodutsa pakhomo pa mkazi amene anamukana.

Tsopano senderani kuno. Pa machumuni onse a m'tauni muno, choipitsitsa chili m'nyumba mwa a Mwaye.

Chinali choyamba chawo. Anachimanga ali pa chibwenzi, kuti mtsikana aone kuti akukwatiwa ndi mmisiri, ndipo pakamwa anapakulitsa dala kuti anthu awiri azikhala moyandikana, aliyense moto n'kumamufika. Maganizo abwino. Koma khosi anamanga la nkhuku. Moto ukayaka m'nyumba imeneyo, theka la utsi limakwera, theka limatsala kucheza nanu. Siling'i inafiira, makatani amanunkha ngati malaya a wowotcha makala, ndipo mlendo amatuluka misozi ili mbwembwembwe ngati wauzidwa za maliro. Chikanakhala chomanga munthu wina, a Mwaye akanachigumula ndi mano. Koma ichi amati ndi mphepo. Mphepo ikasiya amati ndi nkhuni. Nkhuni zikauma amati ndi manja a alamu. Ine ndinayesapo kunena kamodzi, nsapato zawo zinayamba kupita kwa wosoka wa kumsika.

Alamu ndi munthu wosachulutsa mawu. Ali mtsikana ankagwirira mwamuna wawo makwerero, mwaye ukuwagwera m'tsitsi. Achapa zovala zakuda bii moyo wawo wonse, alera ana m'nyumba imeneyo mpaka onse anakula n'kukapuma mpweya wabwino kwina. Chifuwa chawo, chimene chimabwera ndi chisanu n'kupita ndi chisanu, tonse mumsewu tinachizolowera ngati tambala wa m'mawa.

Kenako kunabwera a Magalasi. Dzinalo ndi la magalasi akuda owotcherera amene amakhala pamphumi pawo ngakhale akudya. Ndi wamng'ono kwa ife, wa mapewa ngati chitseko, woseka mokweza. Amadula zitsulo zochindikala n'kupanga mabokosi a miyendo, okhala ndi kachitseko, kabowo ka mpweya kotsegula ndi kutseka, ndi paipi yotulutsa utsi. Anthu a nyumba zatsopano anayamba kugula zimenezo m'malo momangitsa. Woyendetsa lole wina, amene a Mwaye anali atamuyezera kale khoma, anadzawauzira pakhonde langa kuti wasintha maganizo.

"Ija siidya nkhuni zambiri, madala, ndipo ketulo imawira pamwamba."

"Moto wotsekera m'bokosi ngati wakuba? Moto umafunika kuuona nkhope."

"Ili ndi kagalasi, madala."

"Ndiye muziuchezera pawindo ngati mkaidi."

Woyendetsa lole anaseka, koma anakagulabe.

Chimene chinawapweteka kwambiri si mabokosiwo, koma kasonkhedwe. A Mwaye anaphunzitsa tauni yonse kuti tinkhuni pansi, zikuni pamwamba, ndipo usanayatse uwotche kaye pepala kukhosi kuti chumuni chidzuke. Kwa a Magalasi amaphunzitsa zosiyana. Zikuni zazikulu pansi, zocheperapo pamwamba pake, tinkhuni ndi pepala pansonga, n'kuyatsira kumwambako kuti moto uzitsika wokha. Akuti utsi umachepa. A Mwaye anautcha moto wozondoka, ndipo ankati munthu woyatsa chotere akhozanso kuvala nsapato kumutu.

Vuto la nkhani za kwa wometa ndi lakuti mwini nkhani nayenso amamera ndevu. A Mwaye anakameta, anabwerako ali ndwii, osandiyang'ana n'komwe. Kunyumba sanafunse kanthu. Koma tsiku lina madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinawaona ataima pakhomo pawo akundikodola.

"Achimwene, tabwerani mudzaone malodza."

Alamu anali kuseri akuanula zovala. Tinalowa m'chipinda chochezera monyang'ama. Pakamwa pa chumuni panali nkhuni zoyala kale, zongodikira machesi. Zikuni pansi. Tinkhuni pamwamba. Kapepala kopota bwinobwino pansonga.

"Mukuona?" ananong'ona.

"Ndikuona nkhuni."

"Musandipusitse, mdala. Dzanja ili ndi la ndani?"

"Mwina angosokoneza. Ukalamba, achimwene. Ine dzana ndinathira mchere mu tiyi."

"Mkazi amene ndinamuphunzitsa ndekha kusonkha moto, imvi zisanabwere? Munthu sasintha kasonkhedwe pachabe. Alipo amene wamugwira dzanja."

Apa mnzake weniweni amathira madzi. Koma theka lija la mtima linali litayamba kuvina, ndiye ndinangoti, "Ee, komatu zayalidwa mwaluso. Wophunzitsayo sanathamange ayi."

A Mwaye anagwada n'kuphwasula nkhuni zonse, n'kuziyalanso mwa chiphunzitso chawo. Moto wa tsiku limenelo unafuka kuposa masiku onse, ndipo chifuwa cha alamu ndinachimva ndili kwanga.

M'mawa mwake a Mwaye anatsitsa sutikesi ya alamu pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi n'kuiika pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Alamu anangoilambalala. Zonse a Mwaye anadzakhuthulira ine, atakhala pabenchi langa, phazi limodzi lili pa nyuzipepala, nsapato yake ili m'manja mwanga.

"Lachitatu tikupita. Ndikakapeza zimene akunenazo, anyamuke apite kwa mwana wake. Ukwati uthere pomwepo."

"Pa msinkhu uno? Tiyi azikuphikirani ndani?"

"Ndizimwa madzi."

"Nanga akakhala kuti amangokagula misomali?"

"Misomali imatulutsa thukuta?"

Masiku otsalawo munthu anawonda ndikuona. Anakwera padenga la wogulitsa nyama kukasesa, koma m'malo moyang'ana m'chumuni ankayang'ana kumunsi kwa msika, kumene kapaipi ka a Magalasi kamatulukira pa malata. Anatsika ataiwala unyolo m'kati. Ankandifunsa mafunso opanda mutu, ngati mapewa a munthu amachepa akamakalamba, ngati akazi amakonda fungo la chitsulo. Ine ndinkayankha mwachilungamo, kuti asadandaule, mapewa awo sanakhalepo aakulu.

Lachitatu alamu anatuluka ndi kachikwama kawo, atavala juzi pamwamba pa juzi. Tinawapatsa mpata, kenako tinatsatira. A Mwaye anavala jekete la kutchalitchi n'kutenga hamala yogumulira njerwa. Ndinawalanda pakona.

"Ndinyamule ine, achimwene. Inu mwavala bwino."

Shopu inalidi yotseka, chitseko ndi mawindo omwe. Pabwalo panali zii, popanda kuthetheka kwa zowotcherera. Pa kapaipi pankatuluka kautsi kopyapyala, kovuta kukaona. A Mwaye anakayang'ana, ndipo ngakhale mtima unali pamoto, mawu anawapulumuka: "Nkhuni zouma." Atatero anamenya chitseko ndi chibakera.

Anatsegula ndi mayi wamkulu thupi, akazi awo a Magalasi, amene amagulitsa mbaulazo. Kutentha kunatiwomba kumaso. M'kati munali mbaula zondandalika kukhoma, imodzi yokha ikuyaka, ndipo patsogolo pake, pa kampando, panali alamu, majuzi onse ali pamwendo, akuluka chipewa cha mdzukulu.

"Lowani mutseke chitseko," anatero alamu osadzuka. "Mukundiwonongera ntchito."

"Ali kuti?" anafunsa a Mwaye, maso akuthamanga kuseri kwa mbaula iliyonse.

"Ndani?"

"Mwini wake!"

"Abambo?" anatero akazi a Magalasi. "Lachitatu sakhalapo, madala. Amapita kukasaka zitsulo zakale, amabwera kutada. N'chifukwa chake mayiwa ndinawauza kuti azibwera Lachitatu, muno mukakhala mopanda utsi wa zowotcherera. Kaya mumafuna mbaula?"

Ndinabisa hamala kumbuyo.

"Nanga inu mukutani muno, chitseko chotseka?" a Mwaye anafunsa akazi awo.

"Ndikusankha mbaula, bambo. Ena amasankha ndi maso, ine ndikusankha ndi chifuwa. Timayatsa imodzi, timatseka ponseponse, ndimakhala mpaka dzuwa lipendeke, ndione ngati nditsokomole. Kaja kakang'onoko kamatentha msanga koma kamaziziranso msanga. Chachikulu chija chimadya nkhuni ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo chitseko chake chimatulutsa utsi pakona. Iyi ndiye ndabwererako. Tamverani."

Anakoka mpweya wautali, mpaka pansi, n'kuutulutsa. Kamluzu ka m'chifuwa kaja tinakazolowera sikanamveke.

"Ndinaiwala kuti munthu amapuma chonchi m'chisanu," anatero.

"Nanga moto wozondoka uja anakuphunzitsani ndani?"

"Ineyo," anayankha akazi a Magalasi. "Ndimaphunzitsa aliyense. Ngakhale inu, madala, mukafuna."

Ndinkayembekeza kuti mnzanga aseka, kapena apepesa, kapena athawa. Ayi. Nkhope inagwa kuposa mmene inalili panjira. Anakhala pa chitini cha penti, ndi jekete la kutchalitchi lomwelo.

"Ndiye mwachikana chumuni changa."

"Chinayamba ndi icho kundikana."

"Ndinamangira inu chimenechija. Njerwa iliyonse."

"Ndikudziwa, bambo. N'chifukwa chake ndakhala ndikutsokomola mwaulemu zaka zonsezi. Ndikanena mumati mphepo. Kuchipatala andiuza kuti chifuwa ichi sichipirira chisanu china mu utsi. Ndikanakuuzani za mbaula, mukanandilola kufika pakhomo pano?"

A Mwaye anatembenukira kwa ine, maso ali psuu. "Achimwene, akanakhala mwamuna ndikanadziwa pomenya."

"Sutikesi ndaiona," alamu anapitiriza, singano zolukira zikuyendabe. "Mwaipukuta bwino, zikomo. Ndiye munene pompano, alamu angawa ali mboni. Mbaula ikalowa m'nyumba, sutikesi ibwerera pa kabati. Ikapanda kulowa, ndilongedza ndekha ndikakhale kwa mwana, inu mutsale ndi mkazi wanu wamkulu wa njerwayo."

A Mwaye anayang'ana mbaula ija nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira mkamwini amene sakumufuna. Alamu anaona kuti pakufunika kukankha pang'ono. Anatulutsa m'kachikwama kaulusi komanga mfundo, akuti ndi muyeso wa pakamwa pa chumuni, kuti mbaulayo ikakhale m'kati mwake, paipi n'kukwera kukhosi.

"Munayeza chumuni changa ndi ulusi wa juzi?"

A Mwaye anadzuka. Tepi inatuluka m'thumba la jekete, ndipo ndinadziwa tsiku limenelo kuti amapita nayo ndi kutchalitchi komwe. Anayeza m'lifupi, anayeza msinkhu, anagwada n'kusuzumira kunsi, anakanda powotcherera ndi chikhadabo n'kuchita tsinya.

"Ilowa," anatero ngati akulavula. "Koma pakhosi pafunika chitsulo chotseka, choboola pakati podutsa paipi. Apo ayi kutentha konse kuzithawira kumwamba."

"Musavutike, madala," anatero akazi a Magalasi. "Abambo amabwera okha kudzaika. Amakwera ndi padenga pomwe."

"Ndani? Padenga la ndani? Alowetse dzanja m'chumuni changa?" Mawu anakwera mpaka malata anayankha. "Muwauze asiye katundu wawo pakhonde. Pakhonde! Pakhomo asadutse. Ndiika ndekha."

Alamu anapinda zoluka zawo n'kunditsinzinira diso, ndipo ine kaduka kanandiluma penipeni. Mkazi wodziwa potsegulira mwamuna wake chonchi, enafe timangomuonera patsidya pa msewu.

A Mwaye anaikadi okha. Anasesa chumuni mpaka njerwa zinaoneka, anakhoma chitsulo chija pakhosi n'kumata m'mbali ndi dothi lawo loponda, anayala njerwa zatsopano pansi kuti miyendo ikhale pa levulo, anasuntha makatani kuti atalikire kutentha. Ntchito yonse anaigwira akung'ung'udza, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti bokosi ndi la eni ake, koma chokoka utsi ndi chumuni chawo. Sutikesi inakwera pa kabati. Ine kwanga ndikuwothabe bulangeti.

Za a Magalasi ndiye izi. Mbaulayo anaibweretsa okha pa wilibala, magalasi ali pamphumi, ndipo anaima pakhonde langa kufunsa nyumba. Alamu anali pomwepo, atabweretsa nsapato yoti ndikhome chidendene. A Magalasi anawapatsa moni wa mlendo, n'kuwafunsa iwo omwewo ngati akuwadziwa mayi amene anasankha mbaula. Anali asanawaonepo nkhope. Nkhani ya kwa wometa ija inali yabodza.